Makiyi a ku Eborakamu

"Tenga zako," anatero Teritiniyo,
mboni zili tcheru,
ine n'kutula makiyi pagome.

Zanga anawerenga bwinobwino:
mbale zofiira, chisa cha fupa,
chuma ndinabwera nacho, chitaperewera.
Mwana sanali pamndandanda.
Ati kwa Aroma mwana ndi wa bambo,
ngati mchombo umadulidwa ndi cholembera.

Lero ndimagulitsa buledi pamlatho,
mvula ya kuno ikundilowa m'mafupa.
Dzulo anadutsa, tsitsi lomangidwa ndi dzanja la wina,
mwana wa nzika, Teritiniya.
Anandilonjera m'Chilatini chosalala
monga alonjerera aliyense wogulitsa.

Ndinanong'ona dzina lija losalembedwa paliponse,
limene ndinkamugoneka nalo:
Senovara.

Anacheuka.
Kapolo anamukoka dzanja,
koma phazi lina linatsalira pang'ono.