Mapepala a Amphaka

Dokotala wa ziweto anaseka mpaka kuvula mandala.
Zaka makumi awiri akubaya mbuzi za ku Namwera,
sanaonepo munthu akufunsira mphaka chiphaso.
"Mayi, kumeneko kulibe amphaka?"
Ndinati alipo. Koma si awa.

Chitedze ndinamutola kuseri kwa wodi ya amayi oyembekezera,
m'katoni ya magolovesi, maso asanatseguke,
usiku umene magetsi anathima n'kutaya mwana wa eni.
Sikono anabwera yekha, chaka chimene Amidu anapita ku Joni
n'kusiya kuyankha foni.
Analowera pazenera, nagona mbali ya Amidu pabedi,
osapempha, osalonjeza kanthu.

Ndiye anawabaya jekeseni wa chiwewe.
Pansi pa khungu anawalowetsa kanthu konga njere ya mpunga,
akuti kamasunga nambala.
Magazi awo anakwera ndege ine ndisanaikwerepo,
ndipo tinadikira miyezi itatu,
ine ndikudula masiku pakalendala ya ku famase,
iwo ali gone pasimenti, m'mbali mwa mtsuko.

Kwa Mponda nkhani inathamanga kuposa kabaza.
Abiti Ndembo pamjigo: ndi zizimba zimenezo,
nesi uja sangawoloke popanda zinthu zake.
Ana ankasuzumira pampanda
kuti aone amphaka a ku Ayalandi.

Koma amene anandilasa ndi mlongo wanga Twaibu.
Anatola timabuku tiwiri tija patebulo,
kutembenuza, kuwerenga zidindo chimodzichimodzi,
nati, "Kawiri konse ndagona pamzere wa pasipoti.
Achemwali, mphaka wandipitirira."
Sanakweze mawu.
Ndinadziwa kuti mumtima akuwerenga malata:
ndalama za ulendo wa awiriwa
zikanafolera mbali yodontha ya nyumba ya amayi.
Nanenso ndinali nditawerenga kale, usiku ndi usiku.
Yankho lokoma ndilibe.
Ndingoti, kumeneko ndikamakatsegula chitseko
nditaswera kutembenuza nkhalamba za eni maola khumi ndi awiri,
ndikufuna ndikapeze chamoyo chondidziwa kale,
chodziwa fungo la mapazi anga,
choti ndikachikalipira m'Chiyao
chizikandiyang'ana mwamwano womwe uja.

Tsiku lonyamuka, azana ya m'bandakucha isanathe,
Sikono analowa m'bokosi ngati anapitako kale.
Chitedze osaoneka.
Pansi pa bedi, ayi. Kuseri kwa thumba la makala, ayi.
Dalaivala akuliza hutala,
ine pabwalo ndi jekete la kuchisanu m'manja, thukuta lili kamukamu,
ndikuitana ngati wozungulira mutu,
kwinaku kamawu kena m'kati kakuti:
mwa tonsefe wanzeru ndi ameneyu.

Twaibu anavula mkanjo wake woyera,
nakwera mumtengo wa mango, n'kufika padenga,
usipa utatu m'thumba la kabudula.
Ndinamva malata akudandaula pansi pa maondo ake.
Ndinamumva akunyengerera
ndi mawu amene anasiya kundiyankhula nawo tili ana.

Anatsika mkono uli ndi mizere itatu ya magazi.
"Nayu bwana wanu."
Anatseka yekha kachitseko, nayesa loko kawiri,
kenaka anawerama, pakamwa pafupi ndi waya:
"Iwe, ukakafika ukaone bwino.
Udzandiuze ngati n'koyenera kugonera pamzere."

Sitinakumbatirane. Ananyamula bokosi lolemeralo
n'kuliika pampando, osati kumbuyo kwa akatundu,
natsitsa galasi pang'ono kuti mpweya uzilowa.

Tinadutsa pamsika amayi a tomato akuyala kumene,
fumbi lisanadzuke, migwalangwa ili chiimire
ngati sikudziwa kuti wina akuchoka.
Awiri aja analira osapuma,
wina mokweza, wina ngati chitseko chosowa mafuta.
Analira mpaka pa Ulongwe.
Pamenepo anatopa, nagona mogundanitsa misana,
ndipo ine ndinawalandira.