Gombe la Eni

Lachitatu sindinanyamule munthu wolipira.
Njinga yamoto ndinaipukuta ndi malaya akale,
mafuta ndinathira a ngongole kwa Bizaliele.
Jasinta anakhala pambuyo, chitenje atachipana ndi mawondo,
chigubu chopanda kanthu chikugogoda pa kaliyala.

Pa Zobwe msilikali anatembenuza chiphaso kawiri
nafunsa chimene tikukagula.
Palibe, ndinatero, tikukaona madzi.
Anaseka mpaka chidindo chinagwa mopendekeka.

Potsetsereka, mphepo yozizira ya ku Mwanza inabwerera
ngati wokuperekeza amene wakumbukira kuti sanatseke khola.
Milambe inayamba. Mbuzi zinayamba.
Pa Mowatizi fumbi la malasha linatilemba m'makwinya a khosi,
sitima inatidutsa, inatidutsabe,
ndinawerenga mabogi makumi anayi, ndinaleka.

Kenako mlatho, wolendewera pa zingwe,
ndipo pansi pake Zambezi ali chigonere,
wotakata, wosafulumira,
ngati munthu amene anabweza ngongole zake zonse.
Jasinta anandifinya nthiti. Sanayankhule.

Tinakhotera kumanja, phula linatha.
Mtsinje unkabisala kuseri kwa minga, n'kutulukanso,
uku bwato, uku ng'ombe zitamira mpaka m'mimba,
uku amayi akumenya zovala pamwala.
Pamchenga wina gudumu lakutsogolo linandikana,
tinagwa bwinobwino, mwaulemu, ngati matumba a chinangwa.
Paipi ya utsi inamupsompsona Jasinta pa katumba.
Ana anaseka m'Chinyungwe,
ndinamva zonse.

Iye anabadwira mu msasa wa Chifunga, pansi pa lona.
Mayi ake anachoka kuno usiku, mimba ili patsogolo, mfuti zili pambuyo,
ndipo zaka zonse zija kwathu
ankamwa madzi a pa mjigo akukwinya nkhope:
awa ndi madzi a mwala, ankatero, alibe fungo la nsomba.
Tinawaika chaka chatha, mvula isanagwe.
Anatisiyira mapu a mawu atatu:
Boroma, bwemba, thanthwe.

Tchalitchi tinachiona pa phiri, chokalamba, chikuyang'ana kutsidya.
Pansi pake bambo wosoka ukonde, dzina lake Alufandika,
anamvetsera mpaka kumapeto, singano ili pakamwa.
Bwemba? Analoza ndi chibwano. Uyo. Ndi uyo. Ndi uyo.
Thanthwe? Mtsinje uno umakwirira ndi kufukula mmene wafunira.
Jasinta anatchula dzina la mayi ake, kenako la agogo ake.
Bamboyo analilawa pa lilime, napukusa mutu.
Anathawa ambiri, anatero. Koma musatunge pamenepo,
pali ng'ona imene inadya galu wanga.

Anatunga pena, pomwe ana ankasambira,
atakwinya chitenje, chilonda chija chili m'madzi.
Anaima nthawi yaitali kuposa imene chigubu chimafuna.
Ine ndinakhala pamthunzi ndikutafuna masawu,
ndikuwerengera mametikaizi otsala ndi dzuwa lotsala.

Tinadya pende wootcha, mchere wambiri, ndi manja akuda.
Ndinamufunsa ngati ndi pano.
Mwina, anatero. Kutentha kwake n'komweku.

Pobwerera chigubu chinkalankhula kumsana kwathu,
khuvu, khuvu, pa bampu iliyonse.
Chitsekero chinali chong'aluka, sitinadziwe.
Zambezi anadontha pa mlatho wake womwe,
anadontha pa Mowatizi, anadontha pa chitunda chonse cha Zobwe,
kadontho, kadontho, ngati nkhuku yolasidwa ikuthawa.
Pachipata tinapeza msilikali wina, watulo,
anagwedeza chigubu, natibwezera osafunsa.

Atsala makapu awiri, kapena atatu.
Kumanda sanapite nawo.
Ali pansi pa bedi, pafupi ndi nsapato zanga za mvula.
Matope akhazikika pansi, madzi ayera.
Nthawi zina usiku ndimamva akutsegula,
osamwa, kungonunkhiza.
Ngongole ya Bizaliele sindinabwezebe.