Ikaima Imanong'ona

Ikamathamanga sidandaula.
Kuchoka pa Kamuzu Road mpaka pa Khombedza
imangoti myaa,
ndipo ine ndimaiwala kuti ndili ndi makutu.

Koma ndikaima pachipata cha chipatala m'mamawa,
kudikira Nasimango aweruke ntchito ya usiku,
phazi nditachotsa, manja ali pamiyendo,
m'pamene imayamba:
tiki, tiki-tiki,
kenako zii,
kenako tiki.

Masabata asanu okha ili m'manja mwathu.
Mapulasitiki a pamipando yakumbuyo sitinachotse.
Ana amavula nsapato asanakwere,
popanda wowauza.

Ndimatseka wailesi.
Nditsitse galasi, ndikwezenso.
Ndimagwira chiwongolero ndi zala ziwiri
monga mkazi wanga agwirira mkono wa wodwala
maso ali pawotchi.
Kamulonda kapachipata kamandiyang'ana
ngati munthu wolankhula ndi mizimu.

Alamu anga a Chikaonda anati ndi mapulagi,
iwo amene sanayendetsepo ngakhale ngolo.
Mnyamata wa kabaza anati ndi petulo wa m'zigubu.
A mpingo anati tibwere nayo Lamulungu
aiike manja pa boneti.

Che Jafali, kuseri kwa depoti,
pansi pa mtengo wa mango wodontha oilo wa zaka,
anagunditsa sikuludiraiva pa injini,
chigwiriro anaika kukhutu, natsinzina.
Ntchentche inatera pachipumi pawo, osaiingitsa.
Atatsegula maso anati:
Bwana, iyi ikupuma bwino kuposa inuyo.
Anandilipiritsa faivi sauzande
chifukwa chongomvetsera.

Nasimango akakwera amavula nsapato zoyera,
natsamira, fungo la mankhwala lili m'tsitsi.
Ukumva? ndimafunsa.
Ndikumva tulo, amatero.
Tsiku lina anayankha maso ali chitsinzinire:
Imeneyo ndi ngongole ya ku SACCO, bambo,
imalira mwa inu, osati mu injini.

Mwina.
Bambo anga anafa ali ndi njinga yakapalasa
imene ikaima inkakhala chete ngati khasu.
Pamtundu pathu ndine woyamba
kukhala ndi chinthu chodya chili chiimire,
chong'ung'udza chisakupita kulikonse.
Palibe anandiphunzitsa kuti kulira kwake kwabwino n'kuti,
koipa n'kuti.
Usiku ndimawerenga miyezi makumi atatu ndi isanu
yotsala papepala lija,
ndipo uliwonse umati tiki.

Loweruka tikuitsuka pabwalo,
thovu lili m'zigongono,
ndinatsegula kabokosi kapakati pa mipando
kuti ndipukute fumbi.
Pansi pake, pakona,
ndalama zachitsulo ziwiri, za teni kwacha,
ndi kachitsekerero ka botolo kophwanyidwa ndi mwala.

Mzati, wazaka zisanu, anathamanga ndi chinkhupule m'manja:
Musachotse, adadi!
Ndikusunga zolipirira galimoto.
Amayi anati yatsala yambiri.

Ndinakhala pansi pamatope pomwepo.

Lolemba ndinaima pachipata paja,
ndalama zija zili m'thumba la malaya.
Injini inkangoti huu, mosalala,
ngati mwana wokhuta bere.
Ndinamvetsera. Palibe.
Ndinamva tambala wa ku Kalonga,
ndinamva mayi wina akulira kuseri kwa wodi ya amuna,
ndinamva mtima wanga,
umene Che Jafali sanaugunditse chitsulo.

Bata limenelo linandikulira.

Ndinapisa m'thumba,
ndinazibwezera pakona pawo, zonse zitatu.
Zinadikira pang'ono, ngati zikuchita manyazi.

Tiki.

Nasimango anatulukira, chikwama chili paphewa,
natsegula chitseko.
Yasiya? anafunsa.
Ayi, ndinatero, ikulipira.