Kabokosi ka pa Fomu

Foni inalira ndili pansi pa mango ku Kapata,
tcheni cha njinga ya eni m'manja, girisi mpaka m'zigongono.
Anali Tikambenji, ku Jeremani
komwe amasambitsa nkhalamba za anthu ena.
"Atate, pa fomu pali kabokosi, akufunsa mpingo.
Ndikalemba, boma lizidula lokha pa malipiro,
ndalama isanandione nkhope,
n'kukapereka ku tchalitchi. Ndilembe chiyani?"

Ndinaseka mpaka sipanala inagwa.
Boma kutolera chopereka!
M'mutu munabwera mnyamata wa khonsolo uja,
wotidulira matikiti a pamsika,
akuyenda ndi mbale pakati pa mabenchi,
buku la malisiti m'khwapa.

Iye sanaseke.

Mwanawe, wandifunsa chovuta.
Ine ndine wa Dachi, ubatizo wa ku Madzimoyo,
zaka khumi ndi zinayi ndikusunga thumba la mpingo.
Ndimadziwa kulira kwa kobiri m'mbale ya chitsulo,
ndimadziwanso amene amakunga chibakera
kuti mnzake asaone kuti mulibe kanthu.
Amako anali Mkatolika, kolona m'khosi,
khadi la mtulo m'kapepala kamodzi ndi la chipatala.
Amalume ako a Yotamu amapumula Loweruka,
nkhumba ayi, mlamba ayi,
koma nkhuku yakhumi amaiwerenga ikadali dzira.
Azakhali ako ku Mchini amabzala mbewu mu envulopu
kwa mneneri wa nsapato zosongoka,
dzinja lachisanu lino, sinamere.
A Mboni oyandikana nafe sayendetsa mbale,
bokosi lili kumbuyo, woponya saoneka.
Timakangana za tsiku, timakangana za madzi,
owaza kapena omiza,
koma mvula ikachedwa
tonse maso ali pa phiri la Kanjala lomwelo.

Iwe tinakubatiza kawiri.
Amako anakuzembetsa kwa bambo mfumu
ine ndili ku Katete kolonjera odwala,
nditabwera ndinakunyamula kwa abusa, osadziwa.
Madzi onse awiri anauma pa liwombo limodzi.

Ukukumbuka tsiku la amako?
Mtembo uli m'nyumba, amayi a chitenje chimodzi ali panja,
akatekisiti a Nyendwa anatsegula kaundula,
chala chikutsika mzere ndi mzere:
zaka ziwiri zopanda chidindo,
zaka zomwe mankhwala anadya zonse.
Sananene mwano. Anangotsokomola.
Dzuwa lisanafike pamutu ndinagulitsa njinga yanga,
kwaya n'kuyamba nyimbo.
Ndisawanene.
Nane ndinatsegulapo buku lotero pa maliro a ena,
ndi chala changa chomwechi.

Ndiye mwina kwanuko kuli bwino,
kaundula sagona ndi ngongole,
palibe wotsokomola pa maliro.
Koma chopereka chosadutsa m'dzanja,
chosatuluka thukuta pa mfundo ya chitenje,
chosakuwawa pochimasula,
kumwamba amachilemba m'dzina la yani?
Lako, kapena la makina?

"Ndikasiya kabokosi kopanda kanthu sadula, atate.
Pakutha pa chaka ikwana malata a khitchini yanu."

Mwini njinga anayamba kuyang'ana dzuwa.
Ndinafuna kuti ndinene: lemba wa amako.
Ndinafuna kuti ndinene: lemba wanga.
Ndinaganizanso za khitchini, mmene imadonthera pa mafuwa.
Netiweki inaduka ndisanasankhe.

Lamulungu titaweruka ndinakhuthula mbale patebulo
ine ndi a Chulu, mlembi.
Makwacha opindapinda, ena onunkha kapenta,
dzira limodzi, batani la malaya,
ndi kapepala kolembedwa ndi pensulo:
ndidzapereka ndikagulitsa nshawa.
A Chulu anafunsa, aka tikalembe pati?

Ndinakaika m'thumba la malaya.
Kali momwemo mpaka lero,
ndipo Tikambenji sindinamufunse chimene analemba.