Maginito a m'Wailesi ya Lufeyo

Chitseko cha filiji chinayamba kuyasamula mu Okutobala,
mwezi umene dzuwa la Salima limawotcha ndi mthunzi womwe.
Mphira wa m'mbali unali utafota ngati mlamba wowamba,
ndipo mafilizesi anga, a malambe ndi a bwemba,
ankadzuka m'mawa ali madzi okhaokha m'timapepala.

Ndinayesa kutsamiritsa njerwa. Njerwa inandiphwanya chala.
Ndinayesa lekeni ya chubu cha njinga, kuzunguliza kawiri;
inaduka pakati pa usiku, phwaa!
Tiyese n'kukuwa kuti kwabwera akuba.
Kusitolo anati mphira watsopano ngoitanitsa ku Lilongwe.
Atatchula mtengo ndinangoseka, n'kutuluka.

Che Mkwanda amakhoma zidebe pa Kaphatenga,
pansi pa mtengo wa nimu, kuseri kwa omata matayala.
Khutu lawo lamanzere linagontha ndi nyundo yawo yomwe.
Anabwera Lachitatu, sizasi ya malata ili pakaliyala.
Anatsegula, kutseka, kutsegulanso,
kenako: "Mayi, muno mulibe wailesi yakufa?"

Inalipo.
Pamwamba pa kabati, itafunda kansalu koluka.
Ya Lufeyo, amene anapita ku Joni kukasaka ndalama za malata
chaka chimene Tiyese ankamera mano.
Pano Tiyese ali Sitandade 4.

Sindinayankhe msanga. Iwo sanandifulumize,
ankangotokosa m'khutu logontha lija ndi kamtengo ka machesi.

Anaitumbula ndi mpeni wanga wa anyezi.
Mphemvu ziwiri zinathawamo, alendi osalipira.
Kuseri kwa sipika anagogoda katatu
n'kutulutsa kankhata kakuda, kolemera kuposa msinkhu wake,
kobenthuka pang'ono m'mphepete,
kamene pompo kanalumphira sizasi n'kuikakamira.

Anadula lata la chitini cha mafuta ophikira,
kulipinda pa mwendo wa mpando kuti likhale kathumba,
maginito m'kati, tizomangira titatu pa chitseko,
hinji yakale ya zenera mbali inayo.
Pobowola ndi msomali ankapuma ngati munthu wominula minga:
"M'mphepete mokha muno. Uko kuli mitsempha yake,
mukabaya pamenepo mwagula kabati ina."

Koyamba sichinagwire. Panatsala mpata wolowa chala.
Anang'ung'udza m'Chiyao, motsitsa mawu,
anacheka kachidutswa ka silipasi, kutsendera kuseri kwa hinji,
kuwongola, kukankha ndi chala chimodzi.
Thapu!
Anapanitsa lisiti ya magetsi pachitseko, n'kukoka.
Inang'ambika. Anamwetulira ndi mano anayi.

Tizibenthu tiwiri totsala anapatsa Tiyese.
Anamanga kamodzi ku ulusi n'kumakakoka pabwalo,
n'kubwera nako katamera ndevu zakuda za mumchenga,
singano yanga ya chaka chatha, ndi msomali wa nsapato.
"Amayi, onani! Ndikatembenuza tikukanana,
osakhudzana n'komwe, koma tikukanana!
Nanga chimakoka n'chiyani, popeza palibe chingwe?"

Che Mkwanda, akumangirira zida pakaliyala:
"Za kusukulu zimenezo, mwanawe.
Ine ndimangodziwa kuti amakoka chapafupi.
Ukawaika patali amaiwala."

Ndinalowa m'nyumba kukafuna ndalama
imene inali kale m'manja mwanga.

Loweruka mafilizesi anauma gwa,
ana a kabaza anachita kulimbirana pa depoti,
a bwemba anatha isanakwane leveni.
Chigoba cha wailesi sindinataye;
ndimasungamo mapegi ndi malisiti.

Usiku, Tiyese akadzuka kukaba madzi ozizira,
ndimamva kuchokera pamphasa: thapu.
Wailesi imene inakhala chete zaka zisanu ndi zitatu
yaphunzira mawu amodzi,
ndipo nthawi zina ndimadzuka ndekha,
kutsegula popanda chotenga,
n'kusiya chitseko patalipatali
kuti ndione pamene chimayambira kukumbuka.