Mathiriro

Nyanja ya mchere sindinaipondepo.
Ndimakumana nayo Lachiwiri,
mu ofesi ya pamwamba ku Longacres,
magetsi akatikumbukira.

Setilaiti imadutsa ife tikukanganirana chenje m'minibasi.
Imajambula osaodira,
ndipo chithunzi chimafika mozengereza
ngati ngongole ya mlamu.

Lero mitambo yapatuka.
Apo, pamene Zambezi amatula katundu wake,
lilime lofiirira latuluka psuu,
likunyambita madzi obiriwira kutali ndi gombe.
Ntchito yanga n'kuyeza lilime limeneli.
Ndimalizunguliza kamzere,
ndimalipatsa nambala,
nambalayo imakagona mu lipoti.

A Malizani, omwe amasesa muno,
aima kumbuyo kwanga, tsache m'manja.
Amvekere, "Mayi, wakutayirani tiyi pamapu ndani?"
Ndaseka.
Kenaka phwete landiuma pakhosi.

Paja Lamlungu ku Garden inagwa yachidulamutu.
Ngalande inanyamula zonse:
oyilo wakuda wa m'magalaja,
mapaketi a chibuku, thovu la sopo,
ndi zija timataya usiku osayang'anana.
Ngwerere sakana mlendo, analandira,
napatsira Chongwe,
Chongwe natsetsereka nazo kwa mkulu wake.
Madzi saiwala khwawa,
ife ndife timaiwala.

Mabuku amati damu limatsekereza zambiri.
Chabwino. Nanga zopulumuka?

Ndikukuza chithunzi, kukuzabe,
ngati ndingazindikire dothi la munda wa amayi ku Nyimba,
lija linachoka usiku umodzi
n'kutisiyira miyala ndi mizu ya chinangwa poyera.
Ndakuza mpaka nyanja yaphwanyika,
yasanduka timabokosi,
kalikonse mamita khumi, kopanda fungo.

Koma m'mphepete mwa kufiirako
muli kadontho kotuwa.
Kompyuta ikuti n'cholakwika, ndikafufute.
Ine ndikuti ndi bwato.
Muli munthu mmenemo, mwina ali ndi chifuwa,
mwina mwana wake walemba mayeso dzulo,
akukoka ukonde wolemera ndi matope
m'madzi omwe ndinatsukira mbale.
Sadziwa kuti kuli Lusaka womuyang'ana.
Sindinakafufute.

Madzulo, pa kamlatho ka kwathu,
ndamaliza maheu, botolo lili m'manja.
Pansi ngalande ikuyenda mwakachetechete,
yakuda bii, yodziwa njira.
Dzanja linali litanyamuka kale.

Tsopano chikwama changa chikununkha maheu,
pamodzi ndi lipoti la bwana
lomwe lanyowa pangodya.