Fakitale Yanga Ili m'Thumba

Folo koloko m'mawa ku Doncaster.
Mvula ya kuno siidziwa kugwa, siidziwa kukata.
Ndatuluka m'nyumba ya makatoni
msana uli gwa ngati mpini.
Ku Kamwendo kwacha kale,
foni ikunjenjemera pachifuwa panga:
"Achimwene, lamba waduka.
Magetsi anapita dzulo osatsanzika."

Fakitale yanga ndimayenda nayo m'jekete.
Makina awiri ofinya mpendadzuwa,
ndinawaona pa chithunzi chokha,
ena obiriwira, ena anayamba kale dzimbiri.
Ndinawagula ndi tulo ta zaka zitatu,
ndikunyamula katundu wa anthu amene sindidzawadziwa.
Fungo la mafuta anga sindinalimvepo.
Mwatitha akuti limafika mpaka kumsewu wa ku Mkanda,
ndipo ine ndimangovomera
monga ndimavomerera kaundula wake wa pensulo,
mmene seveni nthawi zina amasanduka wani.

Gareth, mnzanga wa pa shifiti,
akupita ku Lilongwe mwezi wamawa
kukatsegula kampani ya mapampu oyendera dzuwa.
Banki ija inandiyang'ana kuchokera kunsapato
n'kufunsa ngati Mchinji ali kufupi ndi Nairobi,
iye inamupatsa tiyi ndi cholembera.
Wandipempha kuti ndimuphunzitse moni.
Ndamuphunzitsa.
Ndawonjezapo "pepani" ndi "mubwere mawa,"
poti adzakumana nawo pakhomo la ofesi iliyonse.
Akakatsika ndege adzamutcha bwana.
Ine kuno zaka khumi ndi ziwiri,
ndidakali wobwera.

Sindimuda ayi.
Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.
Langa lumo ndi lobuntha, la kaunjika,
koma likumeta kuchokera kutsidya la nyanja
mitu imene ndimaidziwa mayina:
anyamata anayi a pa makina,
Nasibeko wotsuka mabotolo,
mlonda amene amagona, ndikudziwa, amagona.

Basi yachedwanso.
Zala zachita dzanzi, koma zikuwerenga
mapaundi makumi anayi, kuwasandutsa makwacha
asanasungunuke m'njira.
Ndatumiza. Lamba agule, risiti ajambule.

Kenako foni ija yanjenjemeranso.
Chithunzi: shelefu ya golosale ya pa Boma,
pakati pa sopo ndi machesi
botolo limodzi lachikasu,
dzina langa pamphumi pake.
Wosindikiza anaiwala chilembo chimodzi.

Ndalikulitsa ndi zala ziwiri,
ndalikulitsanso,
mpaka dalaivala waliza hutala
kufunsa ngati ndikukwera kapena ayi.